Bolodi la Mayi a Choko

Analowa ntchito ngati wosefa mchenga, pamalo pomwe ankamanga nyumba yodikiramo amayi oyembekezera. Sukulu analekezera sitandade seveni, koma mutu anali nawo. Ataona kuti amisiri akungokhalira kukangana za ntchito yomwe yatha ndi yomwe sinathe, anatola thabwa lotayidwa, n'kulikhoma pakhomo pa kachipinda ka simenti. Analembapo ndi choko ntchito zonse: maziko, makoma, denga, mapaipi, pulasitala. Yoyambika ankaiikira kamzere, yotha ankaichonga. Injiniya ataliona anati bolodilo ndiye likhale ntchito yake, ndipo dzina loti Mayi a Choko linayambira pomwepo.

Lamulo lake linali limodzi: zongomva sachonga. Mmisiri akati wamaliza, iye ankapita kukagwira ndi dzanja lake.

Lachinayi lina kapitawo anabwera akupukuta thukuta.

"Alamu, tachongani mapaipi apo. Mawa kukubwera mabwana."

"Madzi atuluka?"

"Mipope ija simukuiona? Ikuchita kunyezimira!"

"Ndatsegula yonse itatu, bambo. Yangotsokomola."

Amisiri anafa nacho chiseko. Kalipentala anakuwa ali padenga, "Igulireni mankhwala a chifuwa, akapitawo!"

Kapitawo sanaseke. Anangoti, "Ana anu adzadya chokocho, eti?"

Mayiyo anaganiza za ana ake awiri, ndi za bambo awo amene msana unawagoneka chaka chatha. Choko anachinyamula ndithu, dzanja mpaka linafika pathabwa. Koma anakumbukira tsiku lomwe ankachira mwana wachiwiri, apongozi ake akuzungulira chipatala chonse ndi ndowa yopanda kanthu, kufunafuna madzi. Kamzere kanakhala kamzere.

Mawa lake mabwana anaima pabolodi. Ataona kamzere pa mapaipi, injiniya anamukalipira kapitawo pamaso pa anthu onse, kenako mabwanawo anajambulitsa, n'kukwera galimoto. Mayi a Choko palibe anawalankhula.

Lolemba mlonda anamuimitsa mayiyo pageti.

"Pepani mayi, akuti malipoti tsopano azitumiza pafoni. Dzina lanu pamndandanda palibe."

Anasuzumira pampanda. Bolodi lonse linali litachongedwa ndi dzanja lina, mapaipi omwe.

Kunyumba mwamuna wake anamvetsera zonse ali chigonere, maso ali kudenga.

"Ukanangochonga, make mwana. Akachirire kumeneko ndi iwe?"

Mwana wamng'ono anali atayamba kale kumukoka mayiyo siketi, akulozera kukhitchini.