Kutembenuza Mpando wa Apongozi

Apongozi anga aamuna anabwera kwathu ku Nsungwi, mu Area 25, atafa ziwalo mbali ya kumanja. Moyo wawo wonse ankayendetsa bwato la thanga panyanja ku Usisya, kunyamula anthu ndi chinangwa. Mwana wawo, amuna anga, ankalawirira kukathamangira minibasi, ndiye odwalawo anali anga. Kwawoko mtengwa sayandikira apongozi ake, koma matenda sadziwa mwambo. Ndinkawanyamula ndine.

Vuto linali kudya. M'nyumba ankafumbata pakamwa, phala osalowa. Panja ankadya, koma pokhapokha mpando utakhala bwino ndi mphepo. Ndikawayang'anitsa kumene ikuchokera ankadandaula: "Mama, iyi ndi ya pamphumi. Bwato siliyenda, thanga limangokupiza." Ndikawafulatitsa ankati, "Ya kumsana imeneyo, ya alesi. Imakuperekeza msanga koma siikubweza." Imene ankafuna inali ya m'nthiti, yowomba patsaya lamoyo lakumanzere, chakutsogolo pang'ono. Ankati pamenepo thanga limakhuta. Akaimva ankatsegula pakamwa okha.

Koma mphepo ya m'tauni ilibe khalidwe. Mwera wa mu Julaye umazungulira zimbudzi ndi nyumba za lendi, kubwera uku, kubwera uko, utanyamula fumbi ndi majumbo. Mbale imodzi ya phala ndinkatembenuza mpando kasanu, munthu wake ali pomwepo. Makina anga osokera anali duu pakhonde, mayunifolomu a ana a eni akudikira. Ndisaname, ndinatopa. Masiku ena ndinkalalata mumtima kuti madala awa akuyesa Area 25 ndi nyanja. Msana unkandiwawa mpaka m'miyendo.

Kenaka oyandikana nafe anamanga mpanda wa njerwa, wautali kuposa denga lathu. Pabwalo panangoti zii, ngakhale zovala pachingwe osagwedezeka. Poyamba ndinasangalala kuti msana upuma.

Apongozi anasiya kudya. Tsiku loyamba ndinazunguliza mpando mbali zonse, iwo akungopukusa mutu. Lachiwiri ndinawakupiza ndi katoni. Anandiyang'ana mwachisoni, ine manyazi n'kundigwira. Lachitatu milomo inali itauma, kolala ya malaya ikulendewera pakhosi. Ndinachita mantha kuti atifera m'manja ndi njala, chakudya chili m'mbale.

Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, mphamvu zitandithera.

"Adada, mphepo ikatha pakati pa nyanja munkatani?"

Anandiyankha kuti, "Tinkatsitsa thanga n'kupalasa."

"Ankapalasa ndani?"

"Amene manja ake akadali amoyo."

Anayang'ana dzanja lawo lakufa lija, kenaka langa. Ndinatenga supuni. Analandira zitatu, yachinayi anakana. Mawa lake zinayi.

Tinapalasa choncho miyezi isanu ndi iwiri, supuni ndi supuni, mpaka tsiku limene ndinaphika phala n'kusowa womupatsa.