Alamu tinawaika popanda nyimbo

Alamu anga, akulu awo a mwamuna wanga, ankaphunzitsa sayansi kusekondale, ndipo Lamlungu ankaimba besi m'kwaya. M'kalasi mwawo munali chithunzi cha zamoyo zitandandalikana, choyamba chowerama ngati nyani, chomaliza munthu wowongoka. Mwana wa mkulu wa mpingo anakachifotokoza kwawo, nkhani n'kufika kutchalitchi.

Akuluakulu a mpingo anauza alamu kuti aimirire kutsogolo, avomere kuti zonse zinalengedwa m'masiku asanu ndi limodzi, za kusukuluzo ndi bodza.

"Ndikanena zimenezo Lamlungu, Lolemba ana aja ndikawayang'ana ndi nkhope iti?" anatero alamu.

Anawadula mumpingo. Apongozi, bambo awo owabereka, analeka kusamba nawo m'manja m'beseni limodzi. Pamsewu anthu ankawafunsa kuti, "Aphunzitsi, amalume anu akuthengo adzuka bwanji?" Iwo ankangoseka. Koma Lamlungu lililonse ndinkawaona atavala jekete, ataima panja pafupi ndi zenera la tchalitchi, milomo ikutsatira nyimbo.

Atadwala chifuwa, ndine ndinkawapititsira madzi osamba. Tsiku lina anakhudza kaphazi ka mwana wanga ndi chala chawo, tizala n'kupindika ngati tikufuna kugwira nthambi.

"Mwaona, mlamu? Mulungu sanachite nazo manyazi zimenezi."

Kenako anandituma kuti ndikawapemphere akwaya adzawaimbire pamaliro awo.

Ndinapita. Ndinaima pakhomo pa mkulu wa mpingo, mwana kumsana, n'kupereka pempho la alamu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kuyankha kuti wodulidwa saimbiridwa.

Alamu atamwalira, kumanda kunkamveka mafosholo okha. Apongozi anaima patali, buku la nyimbo lili m'khwapa, losatsegula.