Nsolo Wopanda Oonerera

Aphunzitsi opuma a ku Kapata, ku Chipata, amayankha tsiku lomwelo uthenga uliwonse wofika pa tsamba lawo la intaneti. Amati mlendo sayankhidwa mawa. Patsambalo pali nsolo wa pakompyuta umene anapanga okha.

Atalitsegula pa 3 Malichi 1998, panatha miyezi inayi popanda wowalembera, mpaka anaganiza zolitseka. Mlamu wawo wa ku Madzimoyo atayang'ana anati, "Alamu, nsolo wopanda oonerera? Nanga mukaphonya azikusekani ndani?"

Pa 9 Julaye aphunzitsi anaikapo masewero awo a nsolo, ndi malo oti owona azilembapo. Pa 11, wina wa ku Kitwe analemba kuti, "Inu a ku Chipata, mukusewera kapena mukufesa mawere?"

Aphunzitsi anaseka mpaka misozi, naitana akazi awo. "Amayi, bwerani muone, andinyoza! Tsamba lija sinditsekanso."