Tsiku Limene Ndinavinitsa Apongozi

Chaka chimene fodya anatiyendera bwino kuno ku Kaomba, amuna anga anagula ampulifaya n'kuika masipika pabalaza, kukhitchini ndi kuchipinda. Zonsezi ndinkaziyendetsa ndi foni yanga kudzera pa waifai. Ndikadina apa, nyimbo inkalira pabalaza, ndikadina apo, ina inkalira kukhitchini.

Apongozi anga aakazi atabwera kudzacheza, analamula kuti m'nyumbamo muzimveka nyimbo zakutchalitchi zokhazokha. Ndinavomera nditagwada. Pabalaza ndinkawaikira makwaya, ine kukhitchini n'kumamvera zanga chapansipansi.

Tsiku lina masana, iwo akusesa okha pabalaza, chala chinandiyabwa. Ndinachotsa kwaya ija n'kuwatumizira nyimbo ya chimtali, ya ng'oma zogunda pamtima, kenako ndinanyang'ama n'kukasuzumira pakhomo. Tsache linali pansi. Mayi aja anali atamanga mpango m'chiuno, akudula ngati namwali pa ukwati.

Atandiona anaima njii.

"Muno mwalowa linthumbu, mwana wanga," anatero akupuma mwawefuwefu. "Ndimaliponda."

"Pepani amayi, foniyi yasokonekera. Ndizimitse?"

Anatola tsache lija osandiyang'ana.

"Isiyeni ithe kaye. Koma amuna anuwo asamve."