Diso la a Valentim

Ku Lifidzi munthu akafuna mbewu ya kachewere yosawola, ankapita kwa a Valentim. Anabwerako ku Dedza, kumene anathawira, nkhondo itatha ali ndi mkazi ndi khasu basi, koma diso lawo ndilo linawamangira dzina. Ankangoitembenuza mbatata m'manja n'kunena kuti iyi bzalani, iyi patsani nkhumba. Kunyada ankanyada ndithu, koma munda umene asankhira mbewu sunkanama.

Chaka chatha kunabwera ofufuza atatu a kusukulu ina yaukachenjede, ati akuyesa maso a alimi. Anasonkhanitsa kagulu ka anthu m'chipinda cha shikola, sukulu ya m'mudzimo, a Valentim n'kuwakhazika kumapeto kwa benchi. Patebulo anayala timitengo titatu, ndipo aliyense ankayenera kunena mokweza kamene kanali katali.

Chimene a Valentim sankadziwa n'chakuti enawo anali atauzidwa kale kuti aziloza kakafupi. Ofufuzawo ankafuna kuona ngati munthu angasiye zimene maso ake akuona n'kutsata gulu. Koma sanavutike n'kufunsa komwe za ubale wa anthuwo, moti amene ankayankha kenako n'kubwera a Valentim anali a Cecília, apongozi awo. Mkamwini wopatukira kutchire akaona apongozi panjira, angawatsutse bwanji pamaso pa alendo? A Valentim anazyolika n'kuloza kakafupi. Timitengo tinasinthidwa, iwo n'kuchitanso chimodzimodzi. Pofika kumapeto anali atayamba kudzifunsa ngati maso awo sakuchita khungu.

Atamaliza, ofufuzawo anaulula zonse aliyense akumva. Anayankhula mwaulemu, ati bodza lotere n'lololedwa pantchito yawo bola ufotokoze pambuyo pake. Anagawa zakumwa n'kukwera galimoto kubwerera ku Ulongwe. Chopsetsa mtima n'chakuti iwo anapita ndi zimene ankafuna, koma nkhani anaisiya m'mudzi.

Sabata isanathe inali itafika pamsika. Onyamula katundu panjinga ankatola tizitsotso tiwiri a Valentim akamadutsa, n'kumafunsana mokweza kuti katali ndi kati. Ena ankati diso lija linali longobwereka. A Valentim anasiya kupita kumsika, ndipo obwera ndi madengu a mbewu ankauzidwa kuti bambo achokapo, iwo ali phee m'nyumba.

Nyengo yobzala itayandikira, a Cecília anachita chimene sanachitepo chiyambire. Anasenza dengu la kachewere okha mpaka kwa mkamwini wawo, nakhala pansi chapatali, nkhope atayang'ana kumbali.

"Tinakulakwirani, bambo," anatero. "Anatiuza kuti ndi masewera chabe. Tatisankhirani mbewuyi."

A Valentim anatuluka, natola mbatata imodzi n'kuitembenuza monga kale. Inali ndi banga lakuda pambali, loonekeratu kuti ikawola m'nthaka. Anaigwira nthawi yaitali.

"Kaya inu mukuiona bwanji, amayi?" anafunsa motsitsa mawu.