Mwana Amene Sankachoka pa Mzere

Mayi Mainess Chulu, amene anansi awo ankawatcha Amake Dyness, anakhala ku Mtendere zaka makumi atatu ndi zinayi, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Anabwera ku Lusaka kuchokera ku Katete ali mtsikana, atakwatiwa ndi a Wilbroad, amene ankanyamula matumba pa fakitale ina. Fakitaleyo itachotsa anthu ambiri ntchito m'chaka cha 1985, a Wilbroad anayamba kugula nsomba zouma ku Kafue, ndipo kunyumba ankaonekako kamodzi pa miyezi iwiri. Zonse za pakhomo zinatsala m'manja mwa mayiwo, pamodzi ndi ana awiri, Dyness ndi mlongo wake wamng'ono, Jackson.

Zimenezo zinali zaka zimene ufa, shuga, sopo ndi mafuta ophikira zinkasowa m'masitolo. Munthu wa m'komboni akaona mzere, ankayamba waima kumapeto kwake, ndipo ankafunsa pambuyo chimene chikugulitsidwa. Popeza wogulitsa ankapereka botolo limodzi la mafuta kwa munthu mmodzi, mwana aliyense wotha kuima anali wofunika ngati wamkulu. Dyness anayamba ntchito imeneyi ali ndi zaka zisanu. Amayi ake anamuphunzitsa kuti aziyang'ana msana wa munthu amene ali patsogolo pake, mzere ukasuntha nayenso azisuntha, ndipo asachokepo ngakhale mvula igwe kapena wina amuopseze. Mwanayo anazigwiritsa kwambiri, kotero kuti amayi ena a mumsewu wawo ankabwera kudzamubwereka.

Kugulitsa tomato, kumene ankadalira, kutasiya kupindula, Mayi Chulu anayamba kupita ku Dar es Salaam pa sitima ya pamtunda yochokera ku Kapiri Mposhi, kukagula zitenje ndi mbale. Pa ulendo wachitatu, m'chaka cha 1988, mng'ono wawo amene ankatsala ndi ana anali atapita kumaliro ku Katete, ndipo sanapeze wina womukhulupirira. Anawatenga onse awiri. Dyness anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Jackson zitatu. M'njira anawo sanachoke pa zenera. Anaona mbidzi ndi njovu, ndipo Jackson anafunsa ngati mwini wake wa nyamazo sakalipa zikamayenda popanda wozibusa.

Ku Dar es Salaam, katundu atagulidwa n'kumangidwa, linatsala tsiku limodzi kuti sitima inyamuke. Mayi Chulu anaganiza zokaonetsa ana nyanja yamchere, imene iwo eni anali atangoiona patali. Anayenda pang'onopang'ono kulowera ku doko, akuima paliponse pamene pankafuka utsi. Anayamba ndi madzi a nzimbe, amene munthu wina ankafinya ndi chitsulo chozunguza ndi dzanja. Kenako anagula kokonati wamuwisi wobooledwa pamwamba. Dyness anamwa pang'ono n'kubweza.

"Aya ni madzi yotsukira mbale, amama," anatero.

"Imwa iwe. Ku Mtendere uzayapeza kuti?"

Pafupi ndi msika wa nsomba panali mafuwa ambiri. Ena ankawotcha nyama yobayidwa pa timitengo, ena ankakazinga nsomba za mitundu imene Mayi Chulu sankadziwa maina ake. Panalinso chinyama cha miyendo isanu ndi itatu, chodulidwadulidwa pa thabwa, chimene Jackson anachiyang'ana nthawi yaitali ali kuseri kwa chitenje cha amayi ake. Chimene chinawadabwitsa kwambiri mayiwo sichinali chinyamacho ayi, koma mafuta. Chiwaya chilichonse chinali chodzaza mpaka m'milomo, ndipo okazingawo ankathiramo ena osayang'ana n'komwe.

Akuganizira za mafutawo, anaona mzere. Unali wautali, wa amayi osenza madengu ndi abambo ogwira njinga, ndipo unkalowa pa chipata chachitsulo chimene kuseri kwake sikunkaoneka. Sanaganize kawiri. Anagwira Dyness pa phewa n'kumuimika kumbuyo kwa mayi wina wovala nsalu yofiira.

"Imilira apa. Nizabwela manje manje."

"Bagulisa chani?" anafunsa mwanayo.

"Tizaona kutsogolo."

Ananyamula Jackson, amene anali atayamba kulirira chakudya, n'kupita naye kwa bambo wina wachikulire wokazinga chinangwa. Analoza ndi chala zidutswa zitatu. Bamboyo anazing'amba pakati, anawaza mchere ndi tsabola, n'kufinyirapo ndimu. Atamva mayiwo akunyengerera mwana, anawayang'ana n'kulankhula Chichewa chomveka bwino.

"Mayi, ndinu a ku Zambia, eti? Ine kwathu ndi ku Mangochi, koma kuno ndakalambira."

Anacheza pang'ono za kumudzi ndi za mvula. Kenako Mayi Chulu anafunsa mwaulemu chimene chinkagulitsidwa pa chipata chija, ngati anali mafuta kapena shuga.

"Pamenepo sagulitsa kanthu," anayankha bamboyo. "Ndi mzere wa chombo chowolotsa anthu kupita tsidya lija."

Mayi Chulu anatembenuka. Mzere unali utatha, chipata chinali chotseka, ndipo chombo chachikulu chodzaza anthu chinali chitachoka kale pa gombe. Anathamangira ku chipatako ali ndi Jackson m'manja, akuitana dzina la mwana wawo. Mlonda anawalankhula Chiswahili chimene sanamvepo liwu ndi limodzi. Pamene mayi wa nsalu yofiira uja anaima panali makoko a malalanje okha.

Bambo wa chinangwa anasiya chiwaya chake n'kuwatsatira. Anafunsa mlonda, ndipo mlondayo anati ana aang'ono sawafunsa kanthu, chifukwa amalowa atatsamira akuluakulu.

"Musataye nthawi, mayi," anatero bamboyo. "Apo pali asodzi a bwato la injini. Ndiwauze akuwolotseni pompano. Tsidya lija kuli mabasi ndi njira zambiri, mwana akhoza kutsatira aliyense."

Mayi Chulu anayang'ana bwatolo, n'kuyang'ananso chombo chimene chinali chitafika pakati pa madzi. Kenako anafunsa mofatsa.

"Atate, anthu a kutsidya akafuna kubwera kuno, nawonso amaima pa mzere?"

"Amaima, monga kuno."

"Ndiye ndidikira pano. Ndikawoloka tiphonyana pa madzi."

"Mwana wa zaka zingati ameneyo, woti mungamudalire chotere?"

"Simumudziwa. Uja akaona mzere sapita kwina."

Bamboyo anapukusa mutu, koma anawabweretsera chitini choti akhalepo. Sanakhale. Anaima atagwira zitsulo za chipata, akuona chombo chikuchepa, chikukocheza, ndi anthu akutsika ngati nyerere. Patali chotero panalibe nsalu yofiira kapena mwana amene akanamuzindikira. Jackson anadya chinangwa chake, analira ndi tsabola, n'kudyanso cha mlongo wake. Pa nthawi imeneyo Mayi Chulu anakumbukira kuti mwanayo sankadziwa dzina la nyumba imene ankagona, ndiponso kuti m'mizere yonse imene anamuimikapo, sanamuuzepo choti achite ngati amayi ake sabwera.

Chombo chinabwerera patapita pafupifupi ola limodzi. Zinayamba kutuluka galimoto ziwiri, kenako njinga, madengu a nsomba ndi khamu la anthu. Chakumapeto, kumbuyo kwa bambo wina wosenza mtolo wa nzimbe, kunali Dyness, maso ake ali pa msana wa bamboyo. Ataona amayi ake anazengereza, ngati mwana amene akuyembekeza kukalipiridwa.

"Vinasila, amama," anatero, kutanthauza kuti zogulitsazo zinatha. "Nayimilira mizere iwiri, sibanipatse chilichonse. Sininachokepo."

Mayi Chulu anagwada n'kumugwira mikono yonse iwiri. 

"Madzi unayaona?" anafunsa.

"Pang'ono. Nenze kuyang'ana kutsogolo."

Bambo wa ku Mangochi anaseka mpaka anatsokomola. Anabwerera ku chiwaya chake, anasankha chidutswa chachikulu koposa n'kuchipereka kwa mwanayo ndi manja awiri, monga amachitira ndi mlendo wolemekezeka. Madzulo ake Mayi Chulu anakweranso chombo chomwecho ndi ana onse awiri. Anamuimika Dyness m'mphepete, atamugwira diresi kumbuyo, n'kumuuza kuti ayang'ane kulikonse kumene akufuna.

Atabwerera ku Mtendere, zinthu zinkasowabe monga kale, ndipo zinasowa zaka zina zitatu. Koma Mayi Chulu sanamuimikenso mwanayo pa mzere, ndipo obwereka ankawabweza pa khomo. Ankaima okha, n'kubwera ndi botolo limodzi pamene kale ankabwera ndi awiri. A Wilbroad atafika kuchokera ku Kafue anadandaula kuti ndiwo zikuuma, ndipo anafunsa chifukwa chake mwana wamkulu chotero akungosewera panja.

"Bashi Dyness," anayankha mayiwo, akuwatchula monga bambo a mwanayo, "ngati mufuna botolo lachiwiri, mzere uyamba pa faifi koloko m'mawa."

A Wilbroad anapitako kawiri, ndipo pambuyo pake anazolowera ndiwo zouma.