Chithunzi Chimene Chinafika kwa Achifwamba

Amuna anga ankagwira ntchito ya injini m'sitima zonyamula mafuta. Anayambira pa sitima za kwathu ku Monkey Bay, kenaka anabwera kuno ku Glasgow kudzawonjezera sukulu, ine n'kuwatsatira pambuyo. Timakhala ku Govan, m'nyumba yam'mwamba momwe mumamveka kugogoda kwa zitsulo kuchokera kumalo okhomera sitima. Ine ndimasamalira odwala pa chipatala chachikulu chili pafupipa. Iwo akapita panyanja ankatha miyezi inayi, ine n'kutsala ndi mwana wathu wamkazi.

Asananyamuke ulendo umene ndikufuna kunenawu, anandiuza kuti sitima yawo ikadutsa m'madzi a kumadzulo kwa Africa, komwe kuli achifwamba oba anthu. Ataona kuti nkhope yanga yagwa, anatenga mbale yaitali patebulo nati imeneyi ndiye sitima. M'mbali monsemu, anatero akuzunguliza chala, timakulunga waya wokhala ndi timalezala. Apa ndi apa pali mapaipi opopera madzi amphamvu ogwetsa munthu pamakwerero. Pamwamba timamangirira zidole zovala maovolosi kuti wakutali aziyesa alonda. Zikakanika zonsezo, belu likalira, aliyense amathamangira m'chipinda chachitsulo momwe muli madzi, mabisiketi ndi wailesi, n'kudzitsekera mpaka asilikali apanyanja atafika.

"Ndiye moyo wanu uli m'manja mwa chidole, ngati choopsezera mbalame m'munda wa mpunga?" ndinawafunsa.

Anaseka, inenso ndinaseka, koma mbale ija sindinaidyerenso.

Foni inandipeza kuntchito m'mawa, ndikumwa tiyi. Anali mayi wina wa ku kampani ya amuna anga, mzungu wa konkuno, woyankhula mofatsa. Anayamba wandifunsa ngati ndakhala pansi. Anati mabwato awiri a achifwamba anafika pa sitima ija kukucha. Ambiri anathawira m'chipinda chachitsulo chija, koma anthu asanu ndi mmodzi sanafikemo. Amuna anga anali atabwerera pansi kukaitana mnzawo amene sanamve belu chifukwa cha phokoso la injini. Pamene asilikali ankafika, asanu ndi mmodziwo anali atatengedwa kale kupita kumtunda, m'madambo momwe sitima yaikulu singalowe.

Masana ake mayiyo anabwera kunyumba. Ndinamufunsa chifukwa chake asilikaliwo sakungolowa m'dambomo ndi mfuti. Anati mfuti zikayamba kulira, oyamba kufa ndi ogwidwawo. Njira yake ndi kukambirana pang'onopang'ono, ndipo pali anthu amene ntchito yawo ndi yomweyo. Kenaka anandiyang'ana m'maso n'kunena chinthu chimodzi katatu konse: ndisauze munthu. Ndisalembe pafoni, ndisapereke chithunzi kwa aliyense. Achifwambawo ali ndi mafoni ngati ife, amafufuza anthu amene awagwira, ndipo akadziwa kuti wina ali ndi banja ku Ulaya amamupatula n'kuumitsa mtima.

Asanapite anandipempha funso limene yankho lake akulidziwa amuna anga okha. Okambiranawo akalifunsa, yankho likabwera lolondola, ndiye kuti munthu ali moyo. Ndinati awafunse chimene chinathyoka pa tsiku la ukwati wathu. Patapita masiku anayi yankho linabwera: chidendene cha nsapato ya mkwatibwi. Ndinalira nditakhala pansi m'khitchini, koma kunali kulira kwa munthu amene wapuma.

Tsono ine ndine munthu woti pakamwa panga sipagona nkhani, ndikudzidziwa. Komanso kwathu vuto silisungidwa m'nyumba ngati mbewu. Munthu akadwala timauzana, akamangidwa timauzana, anthu amabwera n'kudzakhala nawe ngakhale alibe chonena. Mutu umodzi susenza denga, tinakula tikumva zimenezo. Apa mzungu akundiuza kuti ndisenze ndekha. Mwana ndinamunamiza kuti kumene kuli bambo ake kulibe netiweki. Lamulungu ndinakwera basi kupita kutchalitchi kwathu ku Springburn, anthu n'kumandifunsa kuti abambo ali bwanji panyanjapo, ine n'kumati ali bwino, mano onse panja.

Ndinapirira sabata imodzi ndi theka. Loweruka lotsatira, titamaliza msonkhano wa amayi a mvano, amayi apampando anandigwira dzanja pakhonde. Ndi munthu wamkulu, anandilandira nditangofika m'dziko lino, ndipo ndi amene anandisambitsira mwana atabadwa.

"Mwana wanga, mwaonda," anatero. "Chikukudyani n'chiyani?"

Basi, zonse zinakhuthuka. Ndinawauza kuti asauze munthu. Iwo anati nkhaniyi ipita kwa amayi asanu okha a gulu la mapemphero, amene amasala kudya pa zinthu zolimba. Anapempha chithunzi kuti popemphera aziona nkhope, monga timachitira ndi odwala onse. Ndinene zoona: sanandikakamize. Ndinatsegula foni ndekha, n'kusankha ndekha. Ndinadutsa zithunzi za ovolosi yamafuta chifukwa ndinkafuna amuna anga aoneke bwino. Ndinasankha chimene tinajambulitsa kunja kwa tchalitchi kutagwa chipale, iwo ali mu suti ndi chijasi chatsopano, ine pambali, mwana pakati, kumbuyo kukudutsa basi yosanjikiza. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba mtima utapepuka.

Patapita masiku atatu, nesi wina amene timagwira naye ntchito, wochokera kumadzulo kwa Africa komweko, anandiitanira pambali m'wodi. Anandifunsa ngati uyu si ine, n'kundionetsa foni. Chinali chithunzi chija. Pansi pake wina anali atalemba m'Chingerezi kuti tipempherere m'bale wathu, injiniya, wagwidwa ndi achifwamba, mkazi wake amagwira ntchito pa chipatala chachikulu ku Scotland. Dzina la sitima linali pomwepo. Ndinamufunsa kuti wachitenga kwa ndani kuno. Anati si kuno ayi, wamutumizira ndi mchemwali wake wa kwawo, ku tchalitchi chawo anapemphera dzulo.

Ndinathamangira m'chipinda chotsukira ziwiya za odwala n'kudzitsekera. Kenaka ndinaimbira mayi wa ku kampani uja. Anangoti zikomo pondiuza, ndiwadziwitsa okambirana. Akanandikalipira bwenzi zili bwinoko.

Ndinaimbira aliyense amene ndinali ndi nambala yake kuti afufute. Onse ankavomera mwaulemu, koma aliyense anali atatumizira kale mlamu wake ku Lilongwe, mnzake ku Joni, m'busa wake wakale. Palibe anachita ndi mtima woipa. Aliyense ankaona kuti opemphera akachuluka ndiye bwino. Madzi akatayika saoleka.

Loweruka m'mawa ndinamva mapazi ambiri pamasitepe. Nditatsegula ndinapeza amayi a mvano asanu ndi atatu, atavala zitenje pamwamba pa majasi, atanyamula mapoto ndi majumbo. Amayi apampando anali patsogolo, akupuma movutikira chifukwa masitepe athu ndi ambiri.

"Tabwera kudzakhala nanu, mwana wanga," anatero.

Chibadwire sindinabwezepo mlendo pakhomo, koma tsiku limenelo ndinaima pakati pa chitseko. Ndinawauza kuti abwerere. Ndinati amayi asanu aja asanduka dziko lonse, ndipo amuna anga akafa, asadzavutike kubwera ndi nyimbo zawo. Mawu oterowo kwa munthu wamkulu ngati ameneyo! Anaika poto wawo pansi pafupi ndi phazi langa, n'kutembenuka, enawo n'kuwatsatira mmodzimmodzi. Nditatseka ndinadziwa kuti ndakalipira iwo chifukwa ndinalibe mphamvu zodzikalipira ndekha.

Lolemba mayi wa ku kampani anaimba. Okambirana anali atamva mawu a anthu asanu. A amuna anga ayi. Achifwamba anangoti ameneyo ali kwina. Anandipempha funso latsopano, ndipo ndinati awafunse chimene anaiwala m'basi tsiku limene ndinafika ku Glasgow.

Funsolo linapita, yankho osabwera. Tsiku loyamba, lachiwiri, lachisanu. Mantha ndinkawadziwa kale, koma awa anali ena, chifukwa anali ndi dzanja langa mkati. Foni ndinkaibisa m'thumba la yunifolomu ngakhale siziloledwa, ndipo ikanjenjemera ndinkasiya wodwala ali ndi sopo kumsana. Munthu akakwera masitepe athu ndinkaima pomwe ndili, kumvetsera ngati adutse kapena agogode, poti ndinkadziwa kuti uthenga woipa sauimba pafoni, amabwera nawo pakhomo. Kugogoda kwa zitsulo kumalo okhomera sitima kuja, komwe ndinali nditakuzolowera zaka zonsezi, kunayamba kundilowa m'mano. Mwana ankandifunsa m'Chingerezi chake cha kuno chothamanga chija kuti adadi aimba liti. Ndinkati posachedwa, n'kulowa m'bafa kukatsegula madzi kuti asandimve.

Kupemphera kunandikanika. Ndikagwada, ndinkangoona chijasi chatsopano chija ndi basi yosanjikiza. Munthu wina m'dambo akuyang'ana chithunzicho, akuona suti, akuona chipale, akuona nkhope ya mwana wanga.

Tsiku lakhumi ndi chiwiri foni inalira ndili pamalo odikirira basi, mvula ikuwaza. Mayi uja anati ali ndi yankho koma sakulimvetsa, andiwerengera momwe analembera. Anavutika kutchula mawuwo: thumba la usipa. Ndiye anati pali zina, munthuyo wati ndikuuzeni kuti anapepesa kale. Usipa umenewo ndinaunyamula kuchokera kwathu, iwo n'kuusiya pansi pa mpando, ndipo ndakhala ndikuwakumbutsa chaka chilichonse. Basi inafika n'kupita ine nditagwira mtengo wachikwangwani.

Anamasulidwa onse pamodzi patatha masabata asanu ndi awiri. Momwe zinathera kampani sinandiuze, inenso sindinafunse. Madzulo ake ndinatsuka poto uja n'kupita naye ku Springburn. Amayi apampando anamulandira, n'kundifunsa ngati ndadya.

Amuna anga anabwera ataonda ngati munthu wochoka m'chipatala, khutu lakumanzere litafa. Madokotala anati silidzamvanso, ndipo ntchito ya panyanja inathera pomwepo. Kwa mwezi wathunthu sanafotokoze kanthu. Tsiku lina masana tikuyenda m'mbali mwa mtsinje kuno ku Govan, anangoyamba okha, maso ali pamadzi. Anati masiku oyamba anawauza achifwambawo kuti iwo ndi munthu wosauka wa ku Malawi, ndipo anawakhulupirira. Ndiye tsiku lina mkulu wawo anabwera ndi foni n'kuwaika chithunzi pamphuno. Wosauka amavala chonchi? Anawamenya ndi thako la mfuti kukhutu, n'kukawamangirira okha m'kachisakasa kena kutali ndi anzawo.

Mwezi wonsewo ndinali ndikukonza mawu, koma anatuluka ochepa.

"Chithunzicho ndinapereka ndine."

Sanatembenuke. Anapitiriza kuyenda, manja m'thumba. Ndinayesa kuti akwiya, kenaka ndinazindikira kuti ndili kumanzere kwawo. Sanamve. Ndikanatha kungozisiya pomwepo, ndipo kwa kanthawi ndinaganizadi zotero. Koma ndinawazungulira kumbuyo, n'kuima kumanja kwawo, n'kunenanso mokweza.

"Ndikudziwa, mayi a mwana," anatero. "Nanga wina anali nacho ndani?"

Tinayenda pang'ono.

"Ankabwera nacho tsiku lililonse kudzandiopseza," anapitiriza. "Iye akulalata, ine ndikuyang'ana inu ndi mwana. Ndinkangopempha kuti batire yake isathe."

Mpaka lero sanandikalipirepo pa nkhaniyi, ndipo masiku ena ndimalakalaka akanatero. Panopa amagwira ntchito ya pamtunda, amabwera kunyumba tsiku lililonse. Tikamayenda ndimakhala kumanja kwawo. Nthawi zina ndimaiwala, ndimayankhula ndili kumanzere, iwo n'kumangopitirira kuyenda.